Sekondale yaulere yafika, koma ana akhala pati?

Mai a Tadala (Bangula): Moni nonse abale anga a ku Chigwa. Ine ndili ndi funso, amene mukudziwa za sukulu mundithandize. Mwana wanga ali fomu 1 pa CDSS (sekondale yoyendela ya mdela) ina kuno, teremu ino sitinalipile kanthu monga analengezela boma kuti kuyambila Januwale 2026 sekondale ndi yaulere, ndipo ndathokoza Mulungu coz ndalama imeneyo ndinkachita kuyifinya mu bizinesi ya nsomba. Koma mwana akubwela akudandaula daily kuti mkalasi mwadzadza, amene anasiya chifukwa cha fizi abwelela onse, desiki imodzi anthu anayi ena akukhala pansi, buku limodzi gulu lonse. Nde ndimafunsa kuti ndalama imene timapeleka ife ija pano akupeleka ndani? Kapena angochotsa basi osaikapo china?

Shapa Boy (Nsanje boma): Kkkkk amayi zaulere mukufunanso desiki? Ngati ndakunyamulani ulere pa njinga musamafunse khushoni

Mai a Tadala (Bangula): Iwe mwana iwe ndikufunsa zenizeni

Wa Komiti (Chapananga): Mayi funso lanu ndi labwino. Mmene ndinamvela ine, boma linachotsa development fund ndi ndalama ya mayeso a MANEB, koma amene ana awo ali ku boarding akulipilabe ya chakudya ndi pogona. Nde zimene development fund imagwila, monga kulipila mlonda, kugula choko, mapepala a mayeso a teremu, kukonza mjigo, zonsezo tsopano sukulu ikuyenela kudikila ndalama yochokela ku boma. Ikabwela nthawi yake palibe vuto. Funso ndi lakuti ibwela liti komanso ikwana? Ine ndili mu komiti ya pulayimale chaka chachisanu tsopano, ndalama ya SIG, ija boma limapeleka yotukulila sukulu za pulayimale, timaidziwa bwino mayendedwe ake, mumapanga pulani mu Seputembala mitengo ili pena, ndalama ikamafika simenti yakwela kale

Sir Opuma (Ngabu): Ana anga, filimu imeneyi ine ndinaionela kale, ndipo ndinali momwemo. Ndiloleni ndilembe zambiri pang'ono, nkhalamba sichedwa kutopa ndi zala koma ndiyesetsa.

Mu 1994 a Bakili Muluzi atangolowa analengeza pulayimale yaulere. Ana mdziko muno anali pafupifupi 1.9 miliyoni, sukulu zitatsegulidwa chiwelengelo chinalumpha kufika cha mma 3 miliyoni. Chaka chimodzi! Makalasi omwewo, mabuku omwewo. Boma linatola anthu pafupifupi 20,000 osaphunzila zauphunzitsi, ine ndinali mmodzi mwa iwo, ndinali ndi MSCE yanga ndikuthandiza malume kulima thonje. Anatiphunzitsa masabata ochepa chabe nkutipatsa choko kuti pitani. Maphunzilo enieni tinadzachita pambuyo pake mu pulogalamu ya MIITEP, uku tikuphunzitsa uku tikuphunzila.

Kalasi yanga yoyamba inali pansi pa mtengo wa bwemba, bolodi titatsamilitsa pa tsinde. Inu mukudziwa dzuwa la kuno mu Okotobala, ikamakwana 10 koloko mthunzi wasuntha nde kalasi yonse kusamuka kuutsatila. Munali ana a zaka 6 ndi anyamata a ndevu omwe anangomva kuti zaulere. Mayina sindinawadziwe onse mpaka teremu inatha. Koma musandimve molakwa, mwa ana a pansi pa bwemba aja wina lero ndi namwino, wina ndi kapitawo ku minda ya nzimbe ku Nchalo, makolo awo sakanakwanitsa fizi ya nthawi ya Kamuzu olo inali yochepa. Nde ine sinditsutsa zaulere. Chimene chimandipweteka nchakuti zaka zoposa 30 zadutsa ndipo ana akadali pansi pa mitengo, zimene tinkati ndi zongoyembekezela zinasanduka zokhazikika

Madam wa Std 1 (East Bank): Sir mwanena zoona. Ine chaka chino mu register muli ana opitilila 130, ndili ndekha. Malamulo a unduna amati mphunzitsi mmodzi ana 60. Kuchonga makope kokha ndi ntchito ya tsiku lonse nde chimene ndimachita ndimachonga mzele umodzi lero, wina mawa, mwana amaonedwa kope lake kamodzi pa sabata akakhala ndi mwayi. Ndiye wina adzibwela kuti bwanji ana a std 4 satha kuwelenga

Achimwene a ku Joni: Koma inu aphunzitsi mumangodandaula. Ife tinaphunzila momwemo ndipo tinakhoza

Madam wa Std 1 (East Bank): Achimwene munayamba angati std 1 ndipo munalemba angati std 8? Muwelenge kaye anzanu mundiuze

Achimwene a ku Joni: Mmm apo nde mwandigwila. Tinayamba khamu koma PSLCE tinalemba osakwana 30, atsikana anali 6 kaya 7

Madam wa Std 1 (East Bank): Ndi zimenezo. Sukulu zathu zili ngati chulu, kunsi kotakata kumwamba kosongoka. Std 1 ndi 2 kuchita kusowa popondela, kufika std 7 ndi 8 madesiki kutsala. Anthu akamanena pa wailesi kuti ana olembetsa ku pulayimale afika cha mma 5 miliyoni amaomba mmanja, koma omaliza std 8 ndi pafupifupi theka lokha, ndipo mwa omalizawo opeza malo ku fomu 1 sakwananso theka. Komanso ambiri mu std 1 muja ndi obwereza, mwana yemweyo kumuwelenga zaka zitatu

Shapa Boy (Nsanje boma): Ine ndi mmodzi wa osowa pa chulupo kkkk. Ndinasiyila std 6 chaka cha madzi a 2015. Sukulu yathu inasanduka kampu, mkalasi mwathu munkagona mabanja, madesiki ena anthu anawaza nkhuni, sindikuwanena poti anafunika kuphika. Pomwe ankatsegulanso ine ndinali nditaoloka kale ku Mozambique kukagwila ganyu mminda, kubwela ndi ka ndalama ndinaona ngati ndine bwana. Palibe ananditsatila kudzafunsa kuti mwana uja ali kuti. Pano ndimapalasa ana a eni ake kupita nawo ku private

Mai a Tadala (Bangula): Pepa mwana wanga, sindimadziwa

Shapa Boy (Nsanje boma): Palibe kanthu amayi, miyendo ikudyetsa

Wa Komiti (Chapananga): Nkhani ya madziyi ndi imene anthu a ku Lilongwe samaimvetsa akamagawa ndalama. Amawelenga ana nkupeleka, ngati kuti sukulu ya ku Chikwawa ndi ya ku Dedza mavuto ake ndi amodzi. Ife kuno taonani, 2015 madzi, kenako anamondwe, 2019 Idai, Januwale 2022 Ana, Malichi 2023 Freddy. Pakatipo Covid anatseka sukulu kuyambila Malichi 2020 miyezi yambirimbiri. Mwana amene anayamba std 1 mu 2015 wamaliza pulayimale asanaone zaka zinayi zotsatizana zabwinobwino. Ndipo nthawi iliyonse madzi akabwela choyamba kugwa ndi zimbudzi, chachiwili mabuku kunyowa, chachitatu sukulu kukhala kampu. Ndalama ya SIG imene inayenela kugula zophunzilila timathela kukumba zimbudzi zomwe tinakumbanso chaka chatha

Madam wa Std 1 (East Bank): Onjezani msewu. Kuno Ruo ndi timitsinje tochokela ku mapili a Thyolo tikalusa msewu wa ku Thabwa umaduka, PEA, mlangizi woyendela sukulu uja, sangafike, ife kukatenga salary ndi ulendo wa tsiku lonse. Mphunzitsi watsopano akamutumiza kuno amabwela kudzaona nyumba, akaona kuti palibe, mwezi umodzi wapeza kalata ya kuchipatala yoti kutentha sikukumuyanja, wapita. Rural allowance ilipo koma siingamugwile munthu

IPTE Wodikila (Nchalo): Nde nditumizeni ine!! Ine kutentha ndinabadwila momwemo. Ndinamaliza maphunzilo a zauphunzitsi a IPTE ku koleji ya aphunzitsi (TTC), satifiketi ili mu sutikesi, ndikugulitsa airtime ndi kuchajisa mafoni pa Nchalo pano. Chimene sindimvetsa ndi ichi, madam ali okha ndi ana 130, ine mphunzitsi wophunzila bwino ndili pa benchi mtunda wosakwana tsiku limodzi. Amati ndalama zolembela anthu ntchito palibe. Anatitengako ngati ma auxiliary, ka ndalama kochepa kobwelanso mochedwa, contract itatha basi bwelelani kwanu. Boma lomwelo linawononga ndalama kundiphunzitsa zaka ziwili

Achimwene a ku Joni: Bwela kuno mphwanga, aphunzitsi ambiri a ku Malawi ali mma garden ndi mma shop

IPTE Wodikila (Nchalo): Ndi zimene zikundiwawa achimwene, sindinapite ku koleji kuti ndikathilile maluwa a mzungu

Sir Opuma (Ngabu): Mwana wanga usapite, limba mtima. Koma funso lako yankho lake lili mu bajeti. Maiko anagwilizana kuti maphunzilo azilandila pakati pa 15 ndi 20 pa 100 iliyonse ya bajeti ya boma. Ife timayendayenda cha mmunsi mwa pamenepo, ndipo zaka zapitazi ndalama yolipila chiwongola dzanja cha ngongole za boma yakhala ikuposa ya maphunzilo onse. Ndiye mu ndalama ya maphunziloyo gawo lalikulu ndi malipilo a aphunzitsi amene alipo kale, yotsala yomangila ndi kugula mabuku ndi nyenyeswa. Nchifukwa chake mukaona buloko yatsopano pa sukulu yang'anani chikwangwani, mupeza dzina la World Bank, kaya bungwe lina lakunja, kaya mpingo. Amenewo akatseka mpopi ngati mmene anachitila a USAID mu 2025, ife timangoti kakasi

Wa Komiti (Chapananga): Komanso kwacha sir. Meyi 2022 inagwa ndi 25, Novembala 2023 inagwanso ndi 44 pa 100. Pa pepala ndalama ya sukulu imaoneka ngati yakwela koma ukapita nayo ku Dyeratu kukagula malata umabwela ndi theka la zimene unalemba. Makolo nde amati komiti yadya. Ine anandinenapo pa maliro kuti njinga yanga ndinagulila ndalama ya sukulu, njinga yoti ndinagula nditagulitsa mbuzi ziwili

Shapa Boy (Nsanje boma): Koma ena amadyadi bwana, tisanamizane kkkk

Wa Komiti (Chapananga): Alipo, sindikana. Nchifukwa chake ife timamata pa khoma la ofesi ya ahedi ndalama yabwela zingati yagula chani, aliyense awelenge. Vuto makolo ambiri pa msonkhano sabwela, amabwela pokhapokha amve kuti kukulembedwa mayina a chithandizo

Mayi Mother Group (Tengani): Ndakhala ndikungowelenga, tsopano ndilankhuleko. Nonse mukukamba makalasi ndi aphunzitsi koma chimene chimadzadza sukulu kuno ndi phala. Ife timaphika phala la WFP, timadzuka 4 koloko kukatunga madzi ndi kusonkha moto. Sabata imene kuli phala ana amabwela ndi makapu awo ngakhale ang'onoang'ono osafika zaka, ufa ukangotha sabata yomweyo kalasi imachepa ndi theka, makamaka Januwale ndi Febuluwale pamene mmakomo mulibe kanthu anthu akudya nyika za mdambo. Mwana wanjala simungamuuze za a e i o u. Nde amene amawelenga ana aja adzibwela kawili, tsiku la phala ndi tsiku lopanda phala, aone kusiyana kwake

Madam wa Std 1 (East Bank): Mayi apa mwalasa. Register imanena zina, mkalasi mumanena zina

Mayi Mother Group (Tengani): Ndipo za atsikana ndisayambe. Lamulo lilipo, kuyambila 2017 malamulo aakulu a dziko amati ukwati ndi zaka 18, anyakwawa ena akuyesetsa kuthetsa maukwati a ana, ndipo mtsikana akabeleka amaloledwa kubwelela ku sukulu. Ife chaka chatha tinabweza atatu. Koma kubwelela nkumodzi, kukhalitsa nkwina. Mmodzi anakhoza std 8 nkusankhidwa ku CDSS yoti kuyenda kwake ndi maola awili kupita kokha, nde makolo anamupezela ka chipinda pa trading centre, self boarding ija. Mwana wa zaka 16 yekha, ufa watha, sopo alibe, anyamata a njinga zamoto ali pomwepo ndi ndalama zawo. Teremu yachiwili anabwela ndi mimba ina. Fizi sinali vuto lake poti ankalipilidwa ndi bursary. Nde zaulerezi nzabwino koma popanda ma hostel kapena sukulu pafupi atsikana athu tiziwataya chimodzimodzi

Achimwene a ku Joni: Nde inu mukufuna boma lipange zonse? Phala boma, hostel boma, sopo boma. Makolo ntchito yawo nchani? Kubeleka basi? Tikuchulukana kwambiri abale, kalembela wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka ndi ana. Olo boma litamanga buloko tsiku lililonse silingatipeze

Mai a Tadala (Bangula): Achimwene mukulankhula muli ku Joni mukudya za mu fridge. Makolo ake ati amene sakuchita kanthu? Njerwa za sukulu amaumba ndani? Mchenga amatuta ndani? Ine pa sukulu ya pulayimale ya kwathu ndinasenza mchenga pamutu kuchokela ku mtsinje masabata awili, njerwa tinaotcha, mpaka lero zili pompo zamela udzu kudikila simenti. Yunifolomu, makope, zolembela, ndalama ya report card, ya mlonda, zonsezo ndi ife ku pulayimale komwe amati ndi yaulere kuyambila 1994

Achimwene a ku Joni: Pepani mayi sindimanena inu. Ine ndimatumiza ndalama kwa ana a mlongo wanga atatu, ndikudziwa kulemela kwake. Kungoti zimandiwawa kuti chaka ndi chaka nkhani ndi yomweyi

Admin: Tiyeni tizilemekezana abale, ndipo za zipani ayi monga mwa malamulo a gulu. Ndachotsa ma message awili a uja amatumiza zithunzi za kampeni

Sir Opuma (Ngabu): Pa za kuchulukana achimwene a ku Joni sananame, koma yankho lake ndi sukulu yomweyo, mtsikana amene wafika fomu 4 sabeleka ana 8. Tibwelele ku funso la mayi a Tadala. Ma CDSS amenewa kale anali ma MCDE, ma DEC aja ophunzila mwa makalata, anangowasintha dzina cha kumapeto kwa zaka za mma 1990 opanda kuwamangila ma lab kapena library, ambiri ophunzitsa anali a pulayimale ongokwezedwa. Mwana amalemba Chemistry ya MSCE asanagwilepo test tube, nkumapikisana ndi wa ku national secondary malo a ku yunivesite. Mu 2018 boma linachotsa tuition ija, koma sukulu zinapitiliza kudalila development fund poti ndi imene imayendetsa zinthu. Tsopano yachokanso. Ngati boma libweza ndalama imeneyo mokwanila komanso pa nthawi yake, iyi ikhala nkhani yabwino kwambiri imene yachitikila mwana wosauka wa ku Chigwa. Ngati ayi, ahedi ayamba kuitanitsa makolo mwakachetechete, dzina lokha lisintha, mudzamva kuti chopeleka mwa kufuna kwanu

Wa Komiti (Chapananga): Kkkk "mwa kufuna kwanu" koma osapeleka mwana sapatsidwa report

IPTE Wodikila (Nchalo): Komanso malo sir. Kuchotsa fizi sikuonjezela malo a fomu 1. Selection ikadali yomweyo, mwana wakhoza PSLCE koma dzina silinatuluke, nde apite ku open kapena ku private za mmagalaja zija, kumene kulipila kulipobe. Amene apindule ndi amene anasankhidwa kale. Mng'ono wanga anakhoza bwinobwino chaka chatha, sanasankhidwe, akubwereza std 8 kuti mwina chaka chino, nde akutenganso malo a wina

Madam wa Std 1 (East Bank): Ndipo obwereza std 8 amenewo ndi ambiri, ena mpaka kusintha dzina kkkk

Mayi Mother Group (Tengani): Mai a Tadala ngati muli pa Mtukula Pakhomo musaiwale kuti pamakhala ka ndalama kapamwamba ka mwana aliyense amene ali pa sukulu, ka sekondale kamaposa ka pulayimale. Kafunseni kwa a social welfare ngati mwana wanu anamusintha kuchoka ku pulayimale mma buku awo

Mai a Tadala (Bangula): Ine sindili pa Mtukula mayi, anati poti ndili ndi bizinesi ndine wopeza bwino, bizinesi yake beseni limodzi la makakana kkkk. Koma takhuta nonse, ndamvako. Nde ndipange bwanji pa nkhani ya desikiyi? Mwana akuti akachedwa pang'ono amakhala pansi, siketi yoyela fumbi, ndipo bolodi saliona bwino

Wa Komiti (Chapananga): Pitani ku msonkhano wa PTA mukafunse poyela kuti ndalama ya boma yafika zingati ndipo yagwila chani, ndi ufulu wanu, musaope. Mukapite ndi makolo anzanu angapo osati nokha. Ndipo ngati pali madesiki othyoka ali mu stolo muuzane mupeze kalipentala, nthawi zambiri zitsulo zimakhala zabwino chofunika ndi matabwa ndi misomali basi. Ife tinadzutsa 40 chomwecho

Shapa Boy (Nsanje boma): Amayi ngati akuchedwa chifukwa cha mtunda pali mnzanga amapalasa cha ku Bangula konko, ndimuuza azimutenga mmawa pa mtengo wa chibale. Koma khushoni mugule nokha

Mai a Tadala (Bangula): Kkkkk iwe. Nditumizile nambala yake ku inbox. Msonkhano akuti uliko Lachisanu likubwelali, ndikadzabwela ndidzakuuzani zimene ahedi ayankhe

Sir Opuma (Ngabu): Mukafunsenso ngati mlonda walandila mwezi uno

IPTE Wodikila (Nchalo): Ndipo ngati akusowa wophunzitsa masamu muwauze ndilipo, Nchalo ndi Bangula minibus imodzi